Pasiwedi yakale ikumangobwerera mu foni? Chitani izi

Abale anga a ku Mulanje kuno, ngati munasintha pasiwedi ya Facebook kapena ya imelo koma foni ikumangolowetsabe yakale ija mpaka akaunti kutsekedwa, musathamangire kwa okonza mafoni pa Chitakale kukalipira ndalama, nkhaniyi mutha kuithetsa nokha.

Vuto lake ndi loti pasiwedi sikhala mu foni mokha ayi, pa mafoni a Android nthawi zambiri imasungidwanso mu akaunti yanu ya Google. Nde yatsani data, tsegulani Chrome mulembe passwords.google.com, mupeze dzina la Facebook kapena chilichonse chikukuvutanicho, mudine Delete. Mukafufuta pamenepo ndiye kuti yachoka pa zipangizo zonse zomwe munalowa ndi akaunti imeneyo, kaya ndi laputopu ya kuntchito kaya foni yakale ija munapatsa mwana.

Ikabweranso ndiye kuti inasungidwa malo awiri. Amene muli ndi Samsung yang'ananinso mu Samsung Pass, pulogalamu ya Samsung yomwe imasunga mapasiwedi payokha. Komanso mafoni ogula kwa munthu awa, monga timagula pa Limbuli, nthawi zina akaunti ya mwini wake woyamba imakhala ikadalimo, pitani ku Settings pa Accounts muichotse, chifukwa mapasiwedi ena akubwerawo mwina si anu nkomwe.

Chonde musanafufute onetsetsani kuti yatsopanoyo mukuikumbukira. Mukalowa nayo foni ikafunsa Save kapena Update muvomere, ndipo pa foni ya mnzanu musamadine Save ngakhale pang'ono.