Wotchi ya m'thumba ya agogo musaithire mafuta

Kuno ku Zomba, poti linali likulu la dziko mpaka 1975 komanso kwawo kwa asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda), mabanja ena akusungabe mawotchi a m'thumba amene agogo anasiya m'sutikesi. Ngati muli nayo, musathamangire kupotokola kamutu kake kuti iyambe kuyenda. Mafuta akale amauma gwa, ndiye mukaikakamiza tizitsulo tam'kati timaperepeseka.

Yambani mwatsegula chivundikiro chakumbuyo ndi chikhadabo, osati mpeni. Nambala yofunika ndi imene ili pamakina penipeni, osati pachivundikiro. Ikakhala Waltham kapena Elgin, za ku America, nambalayo mukaifufuza pa intaneti mudziwa zaka zimene inapangidwa. Onaninso tizizindikiro m'kati mwa chivundikirocho: kamkango koyenda ndiye kuti ndi siliva weniweni, nangula ndiye kuti silivayo anayesedwa ku Birmingham, mutu wa kambuku ndiye ku London.

Mafuta a makina osokera ayi, ophikira ndiye musayerekeze n'komwe. Pitani nayo kwa wokonza mawotchi, koma mumufunse kaye ngati amadziwa opanda batire, chifukwa ena ntchito yawo n'kusintha mabatire basi. Manambala akakhala opakidwa utoto wowala mumdima, musaupale, wakalewo umatha kukhala ndi radium, yoopsa m'thupi.

Chinyezi cha m'munsi mwa phirimu chimachititsa dzimbiri msanga, choncho muziisunga pouma, makamaka nyengo ya dzinja.