Momwe mungasankhire purosesa ya kompyuta ya magemu: ma core angati akukwanirani?

Sabata yatha mphwanga wa ku Mufakose anandiimbira foni ali m'tauni, mawu ake akunjenjemera ndi chimwemwe. Anali atapeza kompyuta ya ma core 12 pamtengo wotsika, ndipo ankangofuna kuti ndimuuze kuti agule. Nditamufunsa dzina la purosesa, anawerenga pa sikirini kuti ndi Xeon yakale ija ya m'makompyuta a maseva. Ndinamuuza kuti abweze ndalamazo m'thumba. Madola athu kuno ku Harare amabwera movutikira, ndiye tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Poyamba timvetse kuti core n'chiyani. Purosesa ili ngati khitchini ya paukwati, ndipo core iliyonse ndi mayi mmodzi wophika. Wina atunga madzi, wina aphika ndiwo, wina atsuka mbale. Koma mphika wa nsima umavundulidwa ndi munthu mmodzi, ndipo ngati mkono wake ndi wofooka, alendo adikira ngakhale amayi atadzaza khitchini yonse. Gemu nayo ili ndi ntchito yaikulu imodzi imene imagwera core imodzi kapena ziwiri, zotsalazo zimangothandizira. N'chifukwa chake ma core 6 amphamvu amaposa ma core 12 ofooka.

Choyamba, lembani papepala magemu amene mumaseweradi. Osati amene mumalakalaka, koma amene mumatsegula madzulo aliwonse. Kenako pitani pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, kapena patsamba la gemuyo, muwerenge mbali yolembedwa kuti "recommended" (kompyuta yoyenera kuti gemu iyende bwino), osati "minimum" (yongokwanira kuitsegula). Counter-Strike 2, Valorant, Dota 2 ndi GTA V zimayenda pa ma core 4 abwino. Magemu olemera atsopano ngati Cyberpunk 2077, okhala ndi mizinda yodzaza anthu ndi magalimoto, amafuna oposa pamenepo.

Chachiwiri, yang'anani m'badwo wa purosesa musanawerenge ma core. Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa, ndipo zimandiwawa. Chikwangwani cha "i7" pachokha sichinena kanthu. Core i7-4770 ya kampani ya Intel inatuluka mu 2013 ndipo ili ndi ma core 4 okha. Core i3-12100F ya mu 2022 nayo ili ndi ma core 4, koma pa magemu imaisiya i7 ija kutali kwambiri. Pa Intel, nambala zoyambirira pambuyo pa kamzere ndizo m'badwo: 4770 ndi m'badwo wa 4, pomwe 12100 ndi wa 12. Makompyuta ambiri a Dell OptiPlex ndi HP ochokera m'maofesi akunja amene amagulitsidwa m'tauni muno ndi a mibadwo yakale imeneyi. Ndi abwino polemba makalata ndi ntchito za kusukulu, koma kumbukirani kuti Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo.

Chachitatu, sankhani chiwerengero. Ine maganizo anga ndi awa. Ma core 4 a m'badwo watsopano ndi a munthu amene thumba lachepa ndipo amasewera magemu opepuka. Atha kumuthandiza, koma gemu yolemera ikafika pankhondo yaikulu chithunzi chimayamba kudodoma. Ma core 6 okhala ndi ma thread 12 (kutanthauza kuti core iliyonse imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi) ndiwo malo amene ambiri a ife tiyenera kuima. Ryzen 5 5600 ya kampani ya AMD ndi Core i5-12400F ya Intel ndi zitsanzo zabwino, ndipo ngakhale Ryzen 5 3600 ya mu 2019 ikadali ndi mphamvu mukaipeza yogwiritsidwapo kale ntchito. Ma core 8 ndi a amene amasewera uku akuulutsa pa YouTube kapena TikTok, kapena amene akufuna kukhala zaka zambiri osasintha. Pali chifukwa chake: PlayStation 5 ndi Xbox Series X, zimene zinatuluka mu 2020, zonse zili ndi ma core 8 a AMD, ndipo opanga magemu amakonza ntchito yawo poganizira makina amenewo. Ma core 12 kapena 16 asiyireni odula mavidiyo a maukwati ndi ojambula mapulani a nyumba.

Umboni wake ulipo. Ryzen 7 7800X3D ili ndi ma core 8 okha, koma pa magemu ambiri imaposa Ryzen 9 7950X ya ma core 16, chifukwa ili ndi cache yaikulu ya 96 MB, kosungirako zinthu pafupi ndi ma core kuti asamazitenge kutali.

Chenjezo laling'ono pa Intel: kuyambira m'badwo wa 12, mapurosesa ena ali ndi ma core amitundu iwiri. Core i5-12600K imalembedwa kuti ili ndi 10, koma amphamvu, otchedwa P-core, ndi 6. Otsala 4 ndi ang'onoang'ono ogwira ntchito zakumbuyo. Pa magemu werengani ma P-core.

Chachinayi, ndalama zimene mwapulumutsa ikani pa graphics card. Khadi limeneli ndi limene limajambula zonse mukuona pa sikirini, ndipo nthawi zambiri gemu ikamakoka miyendo vuto limakhala pamenepo. Purosesa yodula yokhala ndi khadi lofooka ndi kuononga ndalama. Onjezani RAM (mosungira zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito panthawiyo) ya 16 GB, ikhale timitengo tiwiri ta 8 GB osati kamodzi, komanso SSD, disiki yachangu yosungiramo mafayilo. Dziwaninso kuti Intel yokhala ndi F kumapeto, monganso Ryzen 5 5600, sionetsa chithunzi popanda khadi.

Chachisanu ndi cha ife amene magetsi akazima timadalira sola ndi inveta. Pa kudya magetsi, Ryzen 5 5600 inalembedwa mawati 65, pomwe 7950X ndi mawati 170, ndipo 7950X imafuna choziziritsira chachikulu. Kutentha kwa mu Okutobala ndi fumbi la kumalokeshoni kwathu sizichitira chifundo purosesa yotentha.

Pomaliza, musapereke ndalama kompyuta isanayatsidwe pamaso panu. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti mutsegule Task Manager, pitani pa Performance, kenako CPU, ndiye kuti purosesa. Mudzaona dzina lenileni la purosesa, chiwerengero cha "Cores" ndi cha "Logical processors". Chachiwiricho ndi ma thread, ndipo ogulitsa ena amachitchula ngati ma core. Jambulani dzinalo ndi foni, mulifufuze pa intaneti, muone chaka chimene purosesayo inatuluka. Ngati wogulitsa alola, tsegulani gemu mphindi 10 mukuyang'ana Task Manager: purosesa ikakhala pa 100% pomwe khadi likupuma, ma core ake sakukwanira gemu yanu.

Mphwanga uja tinamupezera i5-12400F, ndipo ndalama zotsala zinapita ku khadi.