Lekani kudula bango, mukuthira feteleza m'nyanja

Chilimwe chino m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe ku Salima madimba afika m'madzi mwenimweni. Bango ladulidwa n'kutenthedwa, tomato wabzalidwa mpaka pagombe, ndipo yureya akungomwazidwa pamwamba ngati chakudya cha nkhuku. Kodi mvula yoyamba ikagwa, fetelezayo apita kuti?

Ambiri mukamva za tizamoyo tosaoneka ndi maso mumangoganiza za kolera. Komatu m'madzi a nyanja ya Malawi muli tizamoyo ta mitundu yambirimbiri, ndipo tambiri n'tothandiza. Tina timawoletsa zinyalala, tina ndi ndere yabwino imene chambo chimadya. Ndere yomweyo imadyedwa ndi tizamoyo tokulirapo, usipa n'kudya timeneto, ncheni n'kudya usipa. Mwera ukamawomba m'nyengo yozizira umatukula chakudya cha ndereyi kuchokera pansi. Nyanja imadzidyetsa yokha pamuyezo wake, siifuna thumba lanu.

Feteleza ndi ndowe zikachuluka m'madzi, si tizamoyo tonse timene timakondwa. Mitundu yochepa yolusa, makamaka ndere yoyandama ija yopanga thovu lobiriwira, imachulukana n'kuphimba inzake. Ina mwa iyo ili ndi poizoni, ndipo nsomba zambiri siziidya bwino. Ikafa imamira, ndipo mabakiteriya oiwoletsa amatha mpweya m'madzi. Onjezani dothi lokokoloka, limene limatchinga dzuwa n'kukwirira ndere ya pamiyala yomwe mbuna zimadya. Zinachitika kale ku nyanja ya Victoria: pofika m'ma 1980 ndere yoyandamayi inali italanda malo a yabwino ija, madzi apansi n'kusowa mpweya. Nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha, Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi. Zomwe mwathiramo zimakhalitsa.

Bambo wina wa dimba lalikulu anandiyankha akuseka: "Alangizi, nyanja yonseyi ingamve kathumba kanga kamodzi? Agogo anga ankalima pompano." Ndinawafunsa ngati agogowo ankathira yureya, komanso kuti nthawiyo madimba analipo angati. Anayamba kudandaula za mtengo wa feteleza. Ndiye inu, feteleza wokwera mtengo chonchi mukumumwaza pamene madzi amutenga? Mwana wa bamboyo ndi msodzi, ndipo ndi yemwenso amadandaula kuti ukonde wa chilimira ukubwera wopepuka.

Mawu oti "timatero kuyambira kale" andikwana. Bango lija mumaliona ngati tchire ndi sefa: mizu yake imagwira dothi, ndipo tizamoyo tokhala m'matope ake timachotsa mbali ya fetelezayo madzi asanafike kunyanja. Ana a chambo amabisala momwemo. Za ochita chimbudzi pamchenga sindinena zambiri. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Chochita n'chodziwika. Siyani mpata pakati pa dimba ndi madzi, bango liphukenso, ndipo pomwe latheratu bzalani vetiva kapena nsenjere. Feteleza mukwirireni paphando, ndipo kukachita mitambo dikirani. Mulu wa manyowa ndi khola zikhale kumtunda. Sipuleya tsukirani padzenje kutali ndi mtsinje. Mbewu ya vetiva funsani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu mvula isanayambe.