Tsabola ndi jinja sizikonza mkaka wowonongeka

Kutentha kwa chaka chino kwabwezetsa mkaka wambiri kumalo osonkhetsera mkaka. Mlimi wakama madzulo, mkaka wagona m'chigubu usiku wonse, m'mawa akauyeza ndi sipiriti ukuduka, basi akubwerera nawo kunyumba. Zimenezi timaziona chaka ndi chaka Okutobala akafika. Chomwe chandidetsa nkhawa ulendo uno ndi zomwe ena ayamba kuchita ndi mkaka wobwezedwawo. Akuusiya pakhonde kuti umalize kusasa, kenako akuthiramo madzi, mchere, jinja ndi tsabola, n'kuuthira m'mabotolo kukagulitsa kumsika ndi pafupi ndi sukulu, ati ndi chakumwa cha Amwenye. Alimi anzanga, chimenecho ndi mkaka wowonongeka wothira tsabola, ndipo Amwenye sapanga choncho.

Chakumwa chomwe mukufuna kutengeracho chilipo ndithu, ndipo n'chabwino. Ku India amachitcha chaas, makamaka ku Gujarat, komwe kunachokera makolo a Amwenye ambiri a ku Limbe ndi ku Lilongwe. Kummwera kwa dzikolo, ku Tamil Nadu amati neer mor, ku Kerala sambaram, ndipo ku Punjab amakonda cholimbirako chotchedwa lassi. Amatenga yogati wawo wotchedwa dahi, kumupukusa ndi madzi ozizira, n'kuthiramo mchere, njere zonunkhira za jeera zokazinga, jinja, masamba onunkhira a dhania kapena minti, ena ndi tsabola wobiriwira. Amamwa akamaliza kudya masana, makamaka miyezi yomwe dzuwa limapitirira madigiri 40. Tsono funsani mayi aliyense wa ku Gujarat kuti dahi amayamba bwanji. Amawiritsa mkaka wamoyo, kuusiya kuti utsale wofunda, n'kuthiramo kasupuni ka dahi wadzulo. Zokometsera zimabwera kumapeto kwenikweni. Ife tatola zakumapetozo, kuwiritsa tasiya.

Kusasa kulipo kuwiri, ndipo apa ndi pomwe anthu akusokonezeka. Mkaka ukamachoka m'bere umakumana ndi manja a wokama, ndowa, fumbi la m'khola, ubweya ndi ntchentche. Tizilombo tolowamo ndi ta mitundumitundu, ndipo kukatentha tina timachulukana kawiri m'mphindi 20 zokha. Mukausiya kuti usase wokha, simudziwa kuti ndi titi tapambana. Kuwiritsa kuli ngati kusosa munda musanabzale: mwachotsa zonse zomera zokha, ndipo kasupuni ka yogati wabwino kaja ndiyo mbewu yomwe mwasankha inuyo. Tizilombo ta mu yogatiyo timadya shuga wa mumkaka, timausasitsa mwachangu ndi kuulimbitsa, tina toipa tisanapeze mpata. Mkaka wobwezedwa uja wadzadza kale ndi zomera zokha. Ndipo simungaupulumutse pouwiritsa mochedwa, chifukwa ukangofika pamoto umaduka, madzi kwawo, zotsala kwawo.

Ndamva kambirimbiri mawu akuti agogo athu ankamwa mkaka wosasa wokha koma anakalamba bwinobwino. Mawu amenewa anditopetsa. Agogo ankakama ng'ombe yawo, kusasitsa m'chikho chawo, n'kumwa pakhomo pawo. Sankanyamula mabotolo padzuwa tsiku lonse kukagulitsa kwa ana a eni ake. Ndipo amene ankadwala chifuwa chosatha kapena kutentha thupi kosadziwika bwino masiku amenewo, ndani ankafufuza kuti achitenga kuti? Chifuwa chachikulu cha ng'ombe chimadutsa mumkaka wosawiritsa kupita kwa munthu. Chimodzimodzinso brucellosis, matenda aja amachititsa ng'ombe kutaya bere. Munthu akawatenga amatentha thupi mobwerezabwereza, kutuluka thukuta usiku, kuphwanya m'mfundo, n'kumangomwa mankhwala a malungo osachira. Ng'ombe yokhala ndi matendawa imatha kuoneka yonenepa, yodya bwino, mkaka wake woyera mbuu. Simungaidziwe ndi maso. Kusasa kwa mkaka sikutsimikiza kuti tizilombo timeneti tafa. Moto ndiwo umatsimikiza.

Tsabola ndiye akuwonjezera vuto, chifukwa akubisa fungo. Mkaka wowola uli wokha, mphuno imakuchenjezani, lilime limakana. Mukathira kambuzi ndi jinja, wogula amamwa botolo lonse osadziwa kanthu mpaka m'mimba mutayamba kupota. Ena amakhulupirira kuti jinja amapha tizilombo. Jinja wa kasupuni kamodzi m'ndowa ya mkaka sapha chilichonse.

Mayi wina wa ng'ombe ziwiri m'dera lomwe ndimayendera anandiimitsa panjira mwezi watha. "Alangizi, anthu andida popanda chifukwa," anatero. Nditafunsitsa, nkhani inali yoti mkaka wake utabwezedwa anapanga mabotolo ake n'kukagulitsa tsiku la msika. Poyamba anayenda malonda, anthu akuyamikira kuti n'kozizira pakhosi. Ulendo wina ana a pakhomo lina anagona akutsegula m'mimba, wamng'ono mpaka anakamuika diripi kuchipatala. Mbiri inafalikira mudzi wonse. Chomupweteka kwambiri sichinali mabotolowo, koma kuti mabanja omwe ankagula kwa iye mkaka wa tiyi m'mawa uliwonse, mkaka wabwinobwino, nawonso anasiya. "Nanga ndikanautaya, alangizi? Madeya ndagula, mankhwala a nkhupakupa ndagula." Ndinamumvetsa, pakuti kutaya mkaka kumawawa. Koma pofuna kupulumutsa malita a tsiku limodzi anataya makasitomala a chaka chonse, ndipo mpaka pano akuvutika kuwabweza.

Tsono onani pomwe ndalama zikuthera. Mchere, jinja, tsabola, mabotolo, ulendo wakumsika, zonsezi mwalipira pa chinthu chomwe mawa lake chatupa, chikuchita thovu, chikuwawa, madzi achikasu ayandama pamwamba. Mabotolo otsala mutayabe. Yogati wopangidwa bwino amakhala wofanana lero ndi mawa, wogula amadziwa chomwe akugula ndipo amabweranso. Wa mkaka wosasa wokha lero akoma, mawa anunkha, mkuja atamuka ngati pali china chagweramo. Malonda otere sakhalitsa. Komanso dzina loipa silithera pa inu nokha, limagwera gulu lonse la alimi a mkaka m'deralo.

Musaganize kuti ku India kulibe dzuwa kapena kuti alimi akumeneko onse ali ndi mafiriji. Alimi a ku Anand, ku Gujarat komweko, omwe anayambitsa kopaletivi ya Amul mu 1946, anali a ng'ombe kapena njati yoweta imodzi, ziwiri, ndipo limodzi mwa mavuto awo linali lomweli la mkaka kuwonongeka m'nyengo yotentha usanafike kwa wogula. Njira yomwe anakhazikitsa inali yosonkhanitsa mkaka kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, kuti usagone wosasamalidwa. Wotsala pakhomo mayi amauwiritsa tsiku lomwelo. Lero India ndi dziko lotulutsa mkaka wambiri kuposa lina lililonse, ndipo Amul imagulitsa chaas m'mapaketi, wopangidwa ndi mkaka wophikidwa kaye. Nzeru yake ndi yoti chigamulo chimapangidwa mkaka ukadali wamoyo. Ngati mukudziwa kuti mkaka wamadzulo sufika m'mawa, uwiritseni madzulo omwewo, osadikira kuti akakubwezereni kaye.

Zopangira zake n'zosavuta, ambiri mukuzidziwa. Sefani mkaka mukangokama, wiritsani mpaka utafufuma, phulani ndi kuvundikira. Ukafika poti chala chosamba bwino chikutha kupirira, pafupifupi madigiri 40 mpaka 45, thiranimo supuni imodzi kapena ziwiri za yogati wamoyo (wokhala ndi tizilombo tabwino tija) wopanda shuga pa lita iliyonse. Mukathira ukadali wotentha kwambiri mbewu imafa. Vundikirani, osaugwedeza, maola 6 mpaka 8, ndipo nyengo ino ungagwire msanga. Patulani kaye kambewu ka mawa musanathire chilichonse. Kapu imodzi ya yogati, makapu awiri a madzi, pukusani, mchere ndi zokometsera pomaliza. Madziwo akhale owiritsa kapena othira kolorini, mabotolo otsukidwa ndi madzi otentha. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitikufuna kuyambiranso. Pangani zokwanira tsiku limenelo, zisungeni pozizira, zotsala madzulo musazigulitse mawa. Mkaka wa ng'ombe yomwe ikubayidwa mankhwala a maantibayotiki, kapena yotupa bere, musaugwiritse ntchito. Sugwira bwino, komanso si woyenera munthu. Mbewu ikayamba kutamuka kapena kununkha, gulani yogati wina muyambirenso. Mkaka womwe wabwezedwa kale patsani nkhumba, ndipo mukaitane wazaziweto adzayeze ng'ombe zanu chifuwa chachikulu ndi brucellosis mvula isanayambe kutseka misewu.