Chitsulo cha geti osasulira mpeni, umu ndi mosankhira

Abale anga owotcherera ndi osula, chitsulo si chitsulo basi ayi, chimene chimasiyanitsa ndi kaboni amene ali mkatimo. Kaboni akachuluka chitsulo chimalimba ndipo chimasunga kuthwa koma chimathyoka msanga komanso chimavuta kuwotcherera, akachepa chimapindika bwino koma mpeni wake umabuntha tsiku lomwelo.

Mukaona nambala ngati 1018, 1045 kapena 1095, yang'anani manambala awiri omalizawo. 1018 ndiye kuti kaboni ali pafupifupi 0.18%, 1045 ndi 0.45%, 1095 ndi 0.95%.

1018 ndi A36 ndi zija timangoti mild steel, za kaboni wochepa, za mageti, mabagala, mafelemu a zitseko, mawindo, mashelefu. Rodi yowotcherera ya 6013 imagwira bwinobwino popanda vuto. Koma musataye makala kuti muchilimbitse, olo muchiviike m'madzi kakhumi sichilimba. Ndinaonapo mnyamata wina atasula mpeni wokongola kwambiri ndi flat bar ya mild steel, tsiku lonse ali pa mvukuto thukuta lili kamukamu, kudula nyama kawiri kokha wabuntha kale, zinandimvetsa chisoni.

1045 ndi ya pakatikati, amapangira mashafuti, ma ekiselo, magiya, ndipo zitsulo zochokera ku South Africa mupeza zambiri zalembedwa EN8, imeneyo ili pafupi nayo, kaboni wake ndi cha m'ma 0.40%. Iyi powotcherera iyambeni mwaitenthetsa kaye, mugwiritse rodi ya 7018 youma bwino, ndiye muisiye izizire pang'onopang'ono, mukathira madzi ing'aluka pambali pa weld pomwepo.

1095 ndiye ya mipeni ndi zodulira. Tupa wakale amene anatha mano nthawi zambiri amakhala wa kaboni wambiri chonchi, musamataye.

Nanga mukagula pa sikirapu popanda nambala? Gundani pa gulaindala. Mild steel imatulutsa moto wa mizere italiitali yosaphulika kwambiri, ya kaboni wambiri imatulutsa tinyenyezi tambirimbiri tophulika ngati nthambi. Yesani limodzi ndi chidutswa chomwe mukuchidziwa kale kuti mufananize, ndipo magalasi m'maso chonde.

Polimbitsa mpeni wa chitsulo cha kaboni wambiri, utenthetseni mpaka maginito asiye kugwira, apo ndi cha m'ma 770°C, muwonjezere moto pang'ono kenako muviike mu mafuta, ophikira omwewa amatheka, madzi amang'ambula kawirikawiri. Yesani ndi tupa, akamangotsetsereka osaluma ndiye kuti walimba. Apa usagwe pansi, uli ngati galasi. Upukuteni uwale, muutenthetsenso pang'onopang'ono cha pa 200°C kwa ola limodzi kapena awiri mpaka uoneke mtundu wa udzu wouma, ukafika pobiriwira ngati buluu mwapitirira, kulimba kuja kwachepa. Mukamaliza pakani mafuta chifukwa chitsulo chimenechi dzimbiri silichedwa kuchigwira makamaka nthawi ya mvula.