Kutha msinkhu kuli ndi ndondomeko yake: zomwe kholo liyenera kudziwa mwana asanafikepo

Makolo ambiri amayamba kulankhula ndi mwana za kutha msinkhu tsiku lomwe mtsikana waona magazi, kapena mawu a mnyamata atakhuthala kale. Pamenepo amakhala atachedwa ndi zaka ziwiri kapena zitatu, chifukwa zizindikiro zimenezi zimabwera thupi litayamba kale kusintha mwakachetechete. Kusinthaku kumatsata ndondomeko yodziwika. Kholo lomwe likuidziwa limalankhula nthawi ikadalipo, ndipo limatha kusiyanitsa zachibadwa ndi zofunika kuthamangira nazo kuchipatala.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati zaka za unyamata ndi kuyambira 10 mpaka 19. Atsikana amayamba kusintha ali ndi zaka zapakati pa 8 ndi 13, anyamata pakati pa 9 ndi 14. Zonse zimayambira mu ubongo. Kachigawo kotchedwa hypothalamus kamayamba kutumiza uthenga ku kachiwalo kena kakang'ono kotchedwa pituitary, poyamba makamaka usiku mwana ali mtulo. Kachiwaloka kamatulutsa mahomoni (timadzi toyenda m'magazi touza ziwalo zochita) awiri, otchedwa LH ndi FSH, amene amadzutsa matumba a mazira mwa mtsikana kuti apange homoni ya estrogen, ndi machende mwa mnyamata kuti apange homoni ya testosterone. Madokotala awiri a ku Britain, James Tanner ndi William Marshall, anafotokoza kusinthaku m'magawo asanu, za atsikana mu 1969 ndi za anyamata mu 1970, ndipo achipatala amatsatabe magawo amenewa pomuyeza mwana.

Mtsikana

Mwa atsikana ambiri choyamba kuoneka ndi kachotupa kolimba pansi pa nsonga ya bere. Kawirikawiri kamayamba mbali imodzi, kamawawa kakakhudzidwa, ndipo bere linalo limatha kutsatira patapita miyezi. Makolo ena amayesa chithupsa n'kuyamba kufinya kapena kuthowa ndi madzi otentha. Musatero. Kufinya, kumanga kapena kusita bere ndi chinthu chotentha kumavulaza minofu imene idzapange mkaka, koma sikuimitsa kukula. Ngakhale mawere atakhwima, limodzi kukulirapo pang'ono n'zachibadwa.

Kenako kumamera tsitsi kumaliseche, la m'khwapa n'kutsatira. Msinkhu umakwera mofulumira, pafupifupi masentimita 8 pachaka, makamaka pa zaka 11 ndi 12. Chiuno chimatambasuka ndipo mafuta amachuluka m'thupi. Awa ndi mafuta ofunika, choncho nthabwala zoti "wanenepatu iwe" zilekeni. Atsikana ena amayambira pomwepo kudzimana chakudya. Kukatsala miyezi 6 mpaka 12 kuti ayambe kusamba, mtsikana amayamba kuona chikazi choyera, chosanunkha ndi chosayabwa. Msambo woyamba umabwera patapita zaka ziwiri kapena zitatu bere litaphukira, kwa ambiri pa zaka 12 kapena 13. Akangoyamba kusamba, kutalika kumachepa: amangoonjezerapo masentimita 5 mpaka 7.

Choncho mukaona bere likuphukira, yambani kulankhula. Mukamva za chikazi, konzani zipangizo. Musonyezeni ndi manja mmene amamatira padi kapena kupinda nsalu, asanafike tsiku loti achite yekha manja akunjenjemera. M'chikwama cha kusukulu muzikhala mapadi awiri, kabudula wamkati wapadera ndi kapepala ka pulasitiki koikamo zonyowa. Azisintha pa maola 4 mpaka 6 aliwonse ngakhale magazi ali ochepa. Ngati akugwiritsa ntchito nsalu, ayambe waitsukuluza m'madzi ozizira (otentha amamatitsa magazi pansalu), achape ndi sopo, ayanike padzuwa mpaka iume gwa. Nsalu yoyanikidwa mobisa m'chipinda imatsala ndi chinyezi, ndiye imasunga tizilombo toyambitsa kuyabwa. Posamba m'thupi azingotsuka kunja. Mkati mumadziyeretsa mokha, ndipo sopo kapena mankhwala olowetsa amapha tizilombo tabwino toteteza malowo.

Mphunzitseninso kulemba pa kalendala. Tsiku loyamba kuona magazi ndi tsiku 1, ndipo amawerenga mpaka tsiku loyamba la msambo wotsatira. M'zaka zoyamba masiku amenewa amatha kukhala pakati pa 21 ndi 45, chifukwa dzira silinayambe kutuluka mwezi uliwonse. Magazi asapitirire masiku 7. Kupweteka m'mimba kumabwera chifukwa chiberekero chimadzifinya potulutsa magazi. Botolo la madzi ofunda pachinena limathandiza, chimodzimodzi ibuprofen wa mamiligalamu 200 mpaka 400, womwa atadya, osapitirira katatu patsiku. Mankhwalawa amagwira bwino akamwedwa ululu ukangoyamba. Wa zilonda za m'mimba asamwe, ndipo wa mphumu ayambe wafunsa kuchipatala.

Pitani naye kuchipatala ngati akunyowetsa padi pa ola limodzi kapena awiri aliwonse, ngati magazi akupitirira sabata, ngati ululu ukumujombetsa kusukulu mwezi ndi mwezi, kapena ngati padutsa miyezi itatu osasamba. Pitaninso ngati mawere ayamba asanakwane zaka 8, ngati sanayambe pofika zaka 13, kapena ngati sanasambe pofika zaka 15.

Pali mfundo imodzi imene makolo amaizemba: dzira limatuluka masiku pafupifupi 14 msambo usanabwere. Tanthauzo lake n'lakuti mtsikana atha kutenga pakati asanaonepo msambo ndi kamodzi komwe. Auzidwe zimenezi momveka, osati mwa miyambi.

Mnyamata

Anyamata ndi amene amaiwalika, chifukwa chizindikiro chawo choyamba n'chobisika. Machende amakula, ndipo khungu lake limapyapyala n'kuderako. Chokodzera chimayamba kukula patapita pafupifupi chaka. Kutalika kofulumira kumabwera mochedwa, pa zaka 13 ndi 14, koma kumafika masentimita 9 kapena 10 pachaka. N'chifukwa chake mnyamata wa zaka 12 amaoneka wamfupi pakati pa atsikana a m'kalasi mwake, ndipo ambiri zimawadya mumtima osanena. Muuzeni kuti nthawi yake ikubwera. Mapazi ndi zikhatho ndi zomwe zimatsogola kukula, miyendo ndi mikono n'kutsatira, thunthu kumapeto. Kupunthwa ndi kugwetsa makapu kumachokera pamenepa. Sikuti ndi kusasamala kokha.

Kholingo likamakula mawu amasweka, kenako amakhuthala. Pafupifupi theka la anyamata amatupa mawere pang'ono, mbali imodzi kapena zonse, ndipo zimatha zokha pakati pa miyezi 6 ndi zaka ziwiri. Kutota popanda chifukwa ndi kutulutsa umuna kutulo n'zachibadwa. Bambo, kapena mwamuna wamkulu amene mwanayo amamasuka naye, amuuze zisanachitike, ndipo amuuzenso kuti sizitanthauza kuti thupi likufuna mkazi. Anzake adzamuuza kuti umuna ukachuluka umadwalitsa. Ndi bodza: umene sunatuluke thupi limausungunula lokha. Ngati sanadulidwe, azibweza khungu la kunsonga mofatsa posamba, atsuke ndi madzi, n'kulibwezeretsa m'malo mwake.

Tchende limodzi, kawirikawiri lakumanzere, kulendewera kuposa linzake si vuto. Koma ululu wadzidzidzi ndi waukulu m'tchende, makamaka ndi kusanza kapena kutupa, ndi ngozi. Mtsempha wake umatha kupotokola n'kutseka magazi, ndipo opaleshoni ikapanda kuchitika m'maola pafupifupi 6 tchendelo litha kufa. Anyamata amabisa chifukwa cha manyazi, ndiye muuzeni lero kuti zikadzachitika adzakudzutseni ngakhale pakati pa usiku. Machende akayamba kukula asanakwane zaka 9, kapena akapanda kuyamba pofika zaka 14, akayezedwe.

Khungu, tulo ndi chakudya

Thukuta la m'khwapa limayamba kununkha chifukwa tizilombo ta pakhungu timadya mafuta ake. Kusamba ndi sopo tsiku lililonse ndi kusintha zovala zamkati n'kokwanira. Ziphuphu zimabwera mafuta a pakhungu akachuluka n'kutseka timabowo. Si uve, ndipo kukwecha nkhope kumangozinyanyitsa. Asambe kumaso kawiri patsiku, asamafinye. Mankhwala opaka a benzoyl peroxide a 2.5 kapena 5 peresenti amathandiza, koma zotsatira zimaoneka pakatha masabata 6 mpaka 8, ndipo ambiri amawasiya msanga. Mafuta oyeretsa khungu apewedwe: ambiri amakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid kapena poizoni wa mercury, amapyapyalitsa khungu ndipo ziphuphu zimabwerera mwaukali.

Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Vuto n'lakuti homoni yobweretsa tulo, melatonin, imayamba kutuluka mochedwa ndi pafupifupi maola awiri poyerekeza ndi ali wamng'ono. Mwana wovuta kudzuka m'mawa nthawi zambiri si waulesi. Foni izichoka m'manja ola limodzi asanagone ndipo izigona kunja kwa chipinda, tiyi ndi khofi zisamwedwe madzulo, ndipo nthawi yodzuka isamasinthe kwambiri ngakhale Loweruka.

Akatswiri a kadyedwe ku United States amati pa zaka 14 mpaka 18 mtsikana amafunika mamiligalamu 15 a ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) patsiku, mnyamata 11, ndipo onse amafunika mamiligalamu 1,300 a kashiamu pomanga mafupa. Ayironi amapezeka m'nyama, chiwindi, nsomba, nyemba ndi masamba obiriwira. Chipatso chodyera limodzi ndi chakudya chimathandiza kuti ayironi alowe m'thupi, pomwe tiyi amatchinga, choncho pazidutsa ola limodzi. Mtsikana wotopatopa, wa chizungulire ndi zikhatho zoyera akayezedwe magazi. Muli kuchipatala komweko funsani za katemera wa HPV, woteteza khansa ya khomo la chiberekero, amene WHO imalimbikitsa kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14.

Thupi la wamkulu, ubongo wosakhwima

Apa ndi pomwe mikangano yambiri ya m'nyumba imachokera. Mbali ya ubongo yokhudza chisangalalo, mkwiyo ndi kufuna kutamandidwa ndi anzako imadzuka msanga pamodzi ndi mahomoni. Mbali ya kutsogolo, kuseri kwa mphumi, imene imayeza zotsatira ndi kumuletsa munthu, imatsiriza kukhwima chapakati pa zaka za m'ma 20. Mwana wa zaka 15 atha kufotokoza bwino kuipa kwa mowa mukucheza naye, mawa lake n'kukamwa ali pagulu. Sikuti anakunamizani. Ali phee amaganiza bwino. Pamaso pa anzake, mtima uli m'mwamba, kudziletsa kumachepa.

Ndiye ulaliki wautali suthandiza kwenikweni. Chothandiza ndi kumukonzekeretsa za nthawi yotenthayo. Yesererani naye mawu okanira mpaka awazolowere pakamwa, ndipo mloleni akugwiritseni ntchito ngati chothawira: "Kwathu sangandilole." Mulonjezeni kuti akapezeka pamalo oipa n'kukuimbirani, mudzamutenga kaye, zokambirana mawa. Lonjezo limeneli mukaliswa kamodzi sadzaimbanso.

Malamulo akhale ochepa, atatu kapena anayi, okhudza chitetezo: nthawi yofikira pakhomo, kunena komwe ali ndi amene ali naye, mowa ndi fodya, foni usiku. Chilango chigwirizanidwe pasadakhale, chikhale chachifupi ndi chogwirizana ndi cholakwacho. Za kametedwe ndi nyimbo musataye nazo mphamvu. Kholo lolimbana ndi chilichonse limafika potopetsa, ndipo pa nkhani yaikulu silimvedwanso. Mukapsetsana mtima, dikirani mitima izizire. Musamudzudzule pamaso pa anzake kapena kumuyerekeza ndi m'bale wake. Nkhani zovuta zimatuluka bwino mukugwira ntchito limodzi kapena mukuyenda, osati mutakhazikana pansi maso ndi maso.

Kukhwima m'maganizo kumabwera ndi udindo. Mpatseni ntchito imene ikalephereka aona yekha zotsatira zake: kusunga ndalama zake za sabata, kuchapa zovala zake, kukonza nthawi yake yowerengera. Akaononga ndalama Lachiwiri, musamuonjezere. Akakwanitsa kwa miyezi ingapo, onjezerani ufulu, ndipo muuzeni chimene wachita bwino mochitchula. Gogodani musanalowe m'chipinda chake. Anyamata ndi atsikana omwe auzidwe kuti palibe munthu, ngakhale wachibale kapena mphunzitsi, wololedwa kuwagwira malo obisika kapena kuwapempha zithunzi za maliseche, ndipo wamkulu wonena kuti "usauze munthu" ndi amene ayenera kunenedwa msanga.

Kusinthasintha kwa mtima, lero kuseka mawa kukwiya, n'kwachibadwa. Koma WHO imati mmodzi mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la m'maganizo. Khalani tcheru ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwana ali wokhumudwa kapena wokwiyakwiya tsiku lililonse, wasiya zomwe ankakonda, akudzipatula ngakhale kwa anzake, kadyedwe ndi kagonedwe zasintha, kapena maphunziro atsika mwadzidzidzi. Mabala odzicheka pamikono, kugawa katundu wake ndi mawu oti "bola ndingofa" musazitenge ngati matama. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, musamukalipire ndipo musamusiye yekha. Tsekerani mankhwala onse a m'nyumba, makamaka ophera tizilombo ndi makoswe, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.