Momwe mungapewere kulipira msonkho wopitirira pogulitsa masheya ku America

Amalawi ambiri omwe akugwira ntchito ku America pano ali ndi masheya. Ena anatsegula okha akaunti ku Fidelity, Schwab, Vanguard kapena Robinhood, ena amachita kupatsidwa ndi kampani yomwe akugwirako ntchito. Kugula n'kosavuta, ndi pafoni pompo. Mutu umadzauma mu February, fomu ya 1099-B, yoonetsa masheya omwe munthu anagulitsa chaka chathacho, ikabwera, munthu n'kuona kuti phindu lomwe alembapo silikugwirizana ndi ndalama zomwe anapezadi.

Bungwe lotolera misonkho la IRS silidula msonkho pa ndalama zonse zomwe mwagulitsira masheya. Limadula pa phindu, kutanthauza mtengo wogulitsira kuchotsapo mtengo wogulira, womwe pa mafomu amaulemba kuti cost basis. Nambala imeneyi ikalakwika, wolipira ndinu, ndipo wofunsidwa ndi IRS ndinu, osati broker, kampani yomwe imakugulirani ndi kukugulitsirani masheya, monga Fidelity kapena Schwab.

1. Musanagulitse, onani milu yanu

Nthawi iliyonse mukagula masheya a kampani, broker amawasunga ngati mulu pawokha, wokhala ndi tsiku lake ndi mtengo wake, monga momwe mayi wapamsika amasanjira tomato. Pa akaunti yanu milu imeneyi mudzaipeza pansi pa mawu oti tax lots kapena lot details. Tsegulani pamenepo, musangokhutira ndi chiwerengero chonse cha pamwamba.

Tsiku ndi lofunika kwambiri. Masheya omwe mwakhala nawo kupitirira chaka chimodzi amadulidwa msonkho wa 0, 15 kapena 20 peresenti malinga ndi zomwe mumapeza pachaka. Omwe sanapitirire chaka amadulidwa ngati malipiro a kuntchito, kuyambira 10 mpaka 37 peresenti. Chaka chimodzi ndendende sichikwanira, chiyenera kupitirira ndi tsiku limodzi.

2. Sankhani mulu, ndipo muuzeni broker nthawi isanathe

Mukangodina batani logulitsa osanena kanthu, lamulo limati masheya omwe munayamba kugula ndi omwe ayambe kugulitsidwa. Imeneyi ndiye FIFO. Kawirikawiri masheya akalewo ndi omwe munagula motchipa, choncho phindu limaoneka lalikulu.

Tiyerekeze kuti munagula masheya 100 mu 2020 pa $30 imodzi, ena 100 mu March 2025 pa $85, ndipo mu November 2025 mwagulitsa 100 pa $90. Ndi FIFO, phindu ndi $6,000, ndipo pa 15 peresenti mulipira $900. Mukasankha mulu wa March, phindu ndi $500 basi, ndipo ngakhale likudulidwa ngati malipiro, tinene pa 22 peresenti, mulipira $110. Ndalama yolowa m'thumba ndi yomweyo $9,000, koma msonkho wasiyana ndi $790.

Musasangalale kwambiri. Mulu wa 2020 uja ukadalipo ndipo msonkho wake ukukudikirani, mwangousunthira kutsogolo. Komanso ngati chaka chimenecho mwapeza zochepa moti muli m'gulu la 0 peresenti, mwina chifukwa munabwerera kusukulu kapena ntchito inatha, kugulitsa mulu wakale ndiye kwanzeru. Ine sindigwirizana ndi anthu omwe amangoika akaunti pa "kugulitsa odula kaye" n'kuiwala za izo, chifukwa chaka chilichonse chili ndi masamu ake.

Chomwe chimagwetsa ambiri ndi nthawi. Muyenera kutchula mulu pogulitsa, kapena malondawo asanatsekedwe, ndipo kuyambira pa 28 May 2024 malonda a masheya amatsekedwa tsiku lantchito lotsatira. Kale zinali masiku awiri. Simungadzuke mu April, nthawi yotumiza mafomu a msonkho, n'kunena kuti ndimatanthauza mulu winawo. Sungani uthenga wa broker wotsimikizira mulu womwe wagulitsidwa.

Ngati ndi mutual fund, thumba lomwe anthu ambiri amasonkhamo ndalama zogulira masheya a makampani osiyanasiyana, ma broker ambiri amaphatikiza milu yonse n'kupeza mtengo wapakati. Mukafuna njira ina, sinthani musanagulitse koyamba.

Abale a ku Britain, gawo ili silikukukhudzani. Bungwe lotolera misonkho kumeneko la HMRC sililola kusankha mulu. Masheya onse a kampani imodzi amalowa m'thumba limodzi lotchedwa Section 104 ndi mtengo wapakati, kupatula omwe mwagula tsiku lomwelo logulitsira kapena m'masiku 30 otsatira.

3. Mukagulitsa moluza, werengani masiku

Kuluza kumachepetsa msonkho. Zomwe mwaluza zimachotsedwa pa phindu lina, zikatsala mpaka $3,000 imachotsedwa pa malipiro a chaka chimenecho, zotsalanso zimapita chaka chamawa. Koma mukagula masheya omwewo m'masiku 30 musanagulitse kapena m'masiku 30 mutagulitsa, imeneyo ndi wash sale: kuluzako sikuwerengedwa pano, kumangowonjezeredwa pa mtengo wogulira wa masheya atsopanowo.

Broker amangoona zomwe zachitika mu akaunti imodzi. Mukagulitsa ku akaunti ina n'kugula ku ina, kapena akazi anu kaya amuna anu ndiwo agula, fomu sidzaonetsa, koma lamulo likugwirabe ntchito. Choopsa kwambiri ndi kugulira mu IRA, akaunti yosungiramo ndalama zodzapumira pantchito, chifukwa apo kuluzako kumatayikiratu. Kumbukiraninso kuti ma dividend (phindu lomwe kampani imagawira eni masheya) omwe amangogula okha masheya ena miyezi itatu iliyonse nawonso ndi kugula.

4. Fomu ikabwera, musaikhulupirire msanga

1099-B imafika chapakati pa February. Yang'anani bokosi 1b la tsiku logulira, 1d la ndalama zogulitsira ndi 1e la mtengo wogulira, mufanizire ndi zolemba zanu.

Ma broker anayamba kukakamizidwa kutumiza mtengo wogulira ku IRS pa masheya ogulidwa kuyambira 1 January 2011, ndipo pa mutual fund kuyambira 2012. Akale kuposa apo amalembedwa kuti noncovered, ndipo bokosi 1e likhoza kukhala lopanda kanthu. Mukasamutsa akaunti, broker wakale amayenera kutumiza mbiri ya milu kwa watsopano m'masiku 15, koma nthawi zina imafika yoperewera. N'chifukwa chake ndi bwino kukopera mndandanda wa milu yonse musanasamuke, akaunti yakale isanatsekedwe.

Amene amavulala kwambiri ndi opatsidwa masheya kuntchito, a RSU (omwe kampani imakupatsani ngati gawo la malipiro) ndi a ESPP (omwe imakugulitsani, nthawi zambiri motsitsa mtengo). Tsiku lomwe masheya a RSU akhala anu, mtengo wake umalowa mu W-2, fomu ya malipiro yochokera kuntchito, ngati malipiro ndipo msonkho umadulidwa pomwepo. Koma malamulo a kuyambira 2014 salola broker kuphatikiza ndalama imeneyo pa 1099-B, choncho mudzapezapo $0 kapena popanda kanthu. Mukangokopera nambalayo, mwalipira kawiri pa ndalama imodzi. Pemphani chikalata cha supplemental information, chomwe chimaonetsa mtengo weniweni.

Masheya osiyiridwa ndi malemu amatenga mtengo wa tsiku lomwe mwiniwake anamwalira, ndipo amawerengedwa ngati opitirira chaka. A mphatso nthawi zambiri amabwera ndi mtengo womwe wokupatsaniyo anagulira, ndiye mufunseni akadakumbukira. Kampani ikagawa masheya, monga Apple mu 2020 pomwe imodzi inasanduka zinayi, kapena Nvidia mu 2024 pomwe imodzi inasanduka khumi, mtengo wonse wa mulu susintha, umangogawidwa.

5. Konzani pa fomu 8949

Yambani ndi kupempha broker kuti akonze n'kutumiza fomu yatsopano. Akakana kapena akachedwa, mukonza nokha pa fomu 8949, yomwe mumalembapo masheya omwe mwagulitsa potumiza mafomu a msonkho.

Ngati nambala yolakwikayo inatumizidwa ku IRS, musaifafanize. Ilembeni momwe ilili mu danga (e), muike chilembo B mu danga (f), kusiyana kwake mu danga (g). Mwachitsanzo, RSU yogulitsidwa $5,200 yomwe fomu ikuti $0 pomwe W-2 inawerengera kale $5,000: mu (g) mulemba $5,000 yochotsera, phindu litsala $200. Ngati nambalayo sinatumizidwe ku IRS, mungolemba yolondola mu (e). Wash sale imalembedwa ndi chilembo W. Zonse zikatha, ziwerengero zimapita pa Schedule D, fomu yophatikiza phindu lonse ndi kuluza konse. Mapulogalamu a msonkho ali ndi malo ofunsa ngati mtengo wogulira ndi wolakwika, koma sakudziwirani, mumayenera kudinapo nokha.

Zolemba zikasowa, fufuzani masitetimenti akale, maimelo otsimikizira malonda, ngakhale sitetimenti ya kubanki yosonyeza tsiku lomwe ndalama inatuluka, kenako mupeze mtengo wa sheya wa tsikulo. Popanda umboni uliwonse, IRS ikhoza kutenga mtengo wogulira ngati ziro.

6. Ngati munatumiza kale

Mukazindikira mochedwa kuti munalipira mopitirira, tumizani 1040-X, fomu yokonzera zomwe munatumiza kale. Nthawi zambiri muli ndi zaka zitatu kuchokera pomwe munatumiza fomu yoyamba kuti mubwezeredwe ndalama.

Ikakufikani kalata ya CP2000 yonena kuti muli ndi ngongole yaikulu, musathamangire kulipira. Kawirikawiri kompyuta yaona ndalama zogulitsira popanda mtengo wogulira, n'kutenga zonse ngati phindu. Chongani kuti simukuvomereza, muphatikize fomu 8949 yodzaza bwino ndi umboni wanu, mutumize tsiku lolembedwa pa kalatayo lisanadutse.